Tilowe Kapena Tisalowe? Zizindikiro za Nyengo Panyanja ndi Udindo wa Komiti ya Padoko

Mawu oyamba

Tsiku lililonse dzuwa likapendeka, pamadoko a ku Msaka, Chembe, Malembo, Malindi ndi Makanjira pamakhala funso limodzi loyenera kuyankhidwa anthu asanakankhire mabwato m'madzi: kodi lero tilowe kapena tisalowe? Mwini chilimira wagula kale mafuta a injini. Asodzi akufuna ndalama ya ufa. Amayi ogula usipa akonzeratu mathandala awo. Aliyense akufuna kumva kuti tilowe. Koma yankho likalakwika, chotayika si mafuta okha ayi. Ukonde umapita, injini imamira, ndipo nthawi zina pamudzi pamagwa zovuta.

Makolo athu analibe wailesi kapena foni, koma ankayankha funso limeneli poyang'ana mitambo, madzi, mbalame ndi mitengo. Nkhani ino ikufotokoza zina mwa zizindikiro zimenezi, chifukwa chake zimanena zoona, pamene zimalephera, ndiponso zimene inu a komiti ya padoko mungachite kuti nzeru imeneyi iteteze miyoyo ndi zida za anthu anu.

Mphepo zinayi za panyanja yathu

Msodzi asanaphunzire chizindikiro china chilichonse, ayenera kudziwa mphepo ndi nyengo zake.

Mwera umachokera kummwera chakuvuma ndipo umalimba m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika Seputembala. Umayamba chifukwa cha mpweya wozizira ndi wolemera umene umaunjikana kunyanja yamchere, kufupi ndi South Africa ndi Mozambique, kenaka n'kukankhidwira kuno. Mpweya womwewu ndi umene umabweretsa chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje. Choncho mukamva kuti kumeneko kwagwa chiperoni, dziwani kuti mwera uli pakhomo. Ukayamba sutha tsiku limodzi, umatha kuwomba masiku angapo otsatizana.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto. Mwera umayenda motsata utali umenewu, ndiye mafunde amanka nakula pamene akulowera kumpoto. Apa pali msampha kwa ife a kummwera. Pagombe lotchingidwa ndi mapiri, monga ku Chembe, madzi amatha kuoneka abata pamene kunja kwa zilumba kwaipa kale. Mphepoyo imakankhira bwato kutali ndi mtunda, ndipo wopalasa ndi nkhafi amavutika kubwerera. Mwera suopa ngakhale sitima. Pa 30 Julayi 1946, sitima ya Vipya inagubuduzika kumpoto kwa nyanja ikuchokera ku Mbamba Bay kupita ku Florence Bay, ndipo anthu 145 anamira.

Tisaiwale kuti mwera uli ndi ubwino wake. Ukakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, madzi ozizira apansi amakwera kuno kummwera atanyamula chakudya cha tizilombo timene nsomba zimadya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dera la Mangochi lili ndi nsomba zambiri.

Mpoto umachokera kumpoto ndipo umabwera m'nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu Novembala. Umabwera ndi chinyezi ndi mvula. Kwa ife mpoto ndi woopsa pagombe penipeni, chifukwa mafunde ake amakhala atayenda mtunda wautali asanafike kuno. Mabwato osiyidwa m'mphepete mwa madzi amaswekera pamiyala, ndipo matchera amapotana.

Vuma amachokera kuvuma ndipo amadziwika kwambiri m'chilimwe, mvula isanayambe. Amavutitsa madoko a tsidya lakuzambwe monga Nkope ndi Makawa, pamene a ku Malindi amakhala otchingidwa ndi mtunda. Zambwe amachokera kuzambwe ndipo amachita zosiyana ndi zimenezi: iye amagunda madoko a tsidya lakuvuma. Phunziro lake ndi lakuti mphepo imodzi siopsa mofanana pamadoko onse. Komiti iliyonse idziwe mphepo imene imaopsa padoko pake ndiponso malo amene anthu ake angathawireko.

Zizindikiro za pamadzi

Chizindikiro choyamba ndi mafunde obwera popanda mphepo. Nthawi zina kunja kuli zii, koma mafunde aataliatali akugubuduka kuchokera kumpoto. Zikatero ndiye kuti kwinakwake m'kati mwa nyanja mphepo yayamba kale, ndipo mafunde atsogola kudzanena. Mafunde amatha kufika kumene mphepo yowayambitsa sinafike. Mbali imene akuchokera ndi imene muyenera kuyang'anitsitsa.

Chachiwiri ndi mzere wakuda pamadzi. Mukaona patali madzi atada ngati wina wajambula mzere, ndipo pambuyo pake pakuoneka thovu loyera, imeneyo ndi mphepo ikubwera. Nthawi imene yatsala ndi yochepa. Imeneyo si nthawi yoponyanso ukonde ayi, ndi nthawi yokoka ndi kulunjika kumtunda.

Chachitatu ndi kukoka kwa madzi apansi, kumene ena amati mweza. Matchera akamapendekeka kwambiri, kapena chilimira chikamakana kutseguka bwino, madzi akuyenda mwamphamvu. Kawirikawiri izi zimachitika mphepo ikawomba masiku angapo n'kuunjika madzi mbali imodzi ya nyanja, ndipo madziwo akubwerera. Mweza ukatsutsana ndi mphepo, mafunde amakhala aafupi ndi osongoka, ovuta kukwera ndi bwato.

A kunyanja ya Malombe asadzinamize kuti poti nyanja yawo ndi yaing'ono ndiponso yosazama ndiye kuti ndi yofatsa. Pamadzi osazama mafunde amadzuka msanga ndipo amabwera mothithikana. Boti lodzaza ndi nkacha yonyowa pamodzi ndi anthu limamwa madzi mofulumira.

Zizindikiro za kumwamba

M'dzinja, mtambo woyenera kuopedwa ndi uja umakula chokwera ngati chulu, woyera pamwamba koma wakuda pansi, kenaka mutu wake n'kuphwatalala. Mtambo umenewu ndi umene umabala mabingu, mphenzi ndi mphepo yadzidzidzi. Usanafike, kunja kumatentha ndipo kumachita bata. Kenaka pamabwera kamphepo kozizira konunkhira mvula. Kamphepo kameneka ndi mpweya umene ukutsika kuchokera mumtambomo. Mukakamva muli pamadzi, namondwe ali pafupi kwambiri.

Asodzi a usipa ayenera kusamala koposa, chifukwa ntchito yawo ndi ya usiku. Masana mtunda umatentha kuposa madzi, ndiye mitambo ya mvula imakonda kukulira kumapiri. Usiku zinthu zimatembenuka. Mtunda umazizira msanga pamene madzi amakhalabe ofunda, choncho kamphepo kamachoka kumtunda kulowa panyanja. Mphepo za matsidya awiri zikakumana pakati pa nyanja, mpweya umakwera ndipo mtambo wa mabingu umakula pamwamba pa madzi, makamaka pakati pa usiku ndi mbandakucha. Ndi nthawi yomweyo imene mabwato ali kutali.

Usiku mtambo suoneka, koma nyenyezi zimanena. Nyenyezi zikayamba kuzimirira mbali imodzi ya thambo, mtambo ukubwera kuchokera kumeneko. Vuto ndi lakuti siginala amakhala pafupi ndi nyali zowala, ndipo maso ake ali pansomba. Nkofunika kuti m'boti lalikulu mukhale munthu mmodzi amene wapatsidwa ntchito yocheukira kumwamba nthawi ndi nthawi.

Pali njira yapafupi yodziwira kutalika kwa mphenzi. Mukaona ching'aning'ani, yambani kuwerenga pang'onopang'ono mpaka mumve bingu. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukawerenga kufika 30, mphenzi ili pa makilomita 10. Bingu likamveka musanafike 30, muli kale pamalo oopsa, pakuti pamadzi munthu wa m'bwato ndiye chinthu chachitali kuposa zonse. Mukawerenganso n'kupeza kuti nambala ikuchepa, namondweyo akubwera kwa inu.

Mkombero wozungulira mwezi kapena dzuwa nawonso uli ndi tanthauzo. Umapangika kuwala kukadutsa m'mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri, kumene kumazizira mpaka madzi kuundana. Umasonyeza kuti kumwamba kwafika chinyezi, ndipo m'dzinja nthawi zambiri mvula imatsatira. Ndi chenjezo lakuti mukhale tcheru, koma silinena ola kapena mphamvu ya mphepo.

Chimodzimodzi mapiri a tsidya lina. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimabisa mapiri a Namizimu kwa munthu amene ali tsidya lakuzambwe, ndipo dzuwa limalowa lili psuu. Kufiira kumeneko ndi kwa utsi chabe. Koma mapiriwo akaoneka bwinobwino ngati asendera pafupi, mpweya wasintha, ndipo ndi bwino kufunsa kuti wasinthira kuti.

Mbalame, tizilombo ndi mitengo

Anamzeze akamauluka motsika kwambiri, pafupi ndi madzi kapena udzu, amakhala akutsata tizilombo timene timatsika mpweya ukakhala wachinyezi. Achule akachulukitsa kulira ndiponso nyerere zikamasamutsa mazira kupita pokwera, chinyezi chachuluka m'nthaka ndi mumpweya. Zizindikiro izi zimathandiza kwambiri amayi oyanika usipa. Usipa wogulidwa ndi ndalama ya ngongole ukavumbwa pathandala masiku awiri umawola, ndipo mpamba wonse umathera pomwepo. Mayi amene waona zizindikiro za mvula angathe kugula wochepa, kapena kukonzekera kufutsa kapena kuwamba.

Nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, zimaoneka kwambiri mwezi ukakhala kumdima. Mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya ndipo ndi chakudya cha nsomba. Nkhungu sizibweretsa mphepo, koma zimaonetsa kumene mphepo ya m'kati mwa nyanja ikulowera, chifukwa zimatengedwa nayo. Samalani kuti musasokoneze nkhungu ndi kamvuluvulu wa pamadzi. Kamvuluvuluyu amalendewera kuchokera pansi pa mtambo wakuda ndipo pamene wakhudza madzi pamawira thovu. Mukamuona, mutalikireni.

Mitengo imanena za nyengo yathunthu osati za tsiku limodzi. Mlambe ukayamba kuphuka masamba ndi maluwa, komanso msangu ukayamba kuyoyola masamba pamene mitengo ina ikuphuka, dzinja layandikira. Imeneyi ndi nthawi yakuti komiti ikumbutse eni zida kumata mabwato, kukonza mainjini ndi kukweza mathandala.

Pali zizindikiro zina zimene sitiyenera kuikirapo moyo. Ena amati mwezi watsopano ukapendekeka ndiye kuti ukhuthula mvula. Kupendekeka kwa mwezi kumatsata malo amene dzuwa ndi mwezi zili panthawi imeneyo ya chaka, ndipo kumadziwika ngakhale zaka zambiri zisanafike. Mwezi umatiuza zoona pa nkhani ya kuwala, ndi chifukwa chake usipa subwera ku nyali mwezi ukakhala wathunthu. Koma za mphepo ya usiku uno, funsani mitambo ndi madzi.

Zimene tingaphunzire kwa asodzi a ku Ireland

Nzeru yotereyi si ya kuno kokha. Ireland ndi dziko la pachilumba ku Ulaya, ndipo asodzi a kugombe lake lakuzambwe ankalowa m'nyanja yamchere ndi timabwato topalasa. Nawonso anali ndi zizindikiro zawo. Mkombero pamwezi, mapiri ooneka ngati ali pafupi, ndi anamzeze ouluka motsika ankati ndi mvula, monganso kuno. Mbalame za kunyanja zikathawira kumtunda ankati kukubwera namondwe. Kumwamba kukafiira madzulo ankati mawa kucha bwino.

Chizindikiro chomalizachi chili ndi phunziro. Ku Ireland nyengo imabwera kuchokera kuzambwe, choncho kuzambwe kukayera madzulo, nyengo yabwino ndiyo ikubwera. Kuno mphepo zathu zambiri zimachokera kummwera, kuvuma ndi kumpoto, ndiye chizindikiro chomwecho sichingadaliridwe. Chizindikiro chili ndi kwawo. Msodzi wochokera ku Nkhata Bay kapena ku Karonga akafika ku Msaka ayenera kufunsa eni dera, pakuti safunsa anadya phula.

Phunziro lachiwiri ndi lowawa. Madzulo a pa 28 Okutobala 1927, nyanja kugombe lakuzambwe la Ireland inali yabata ndipo asodzi ambiri analowa. Usiku womwewo kunabuka mphepo yamkuntho mwadzidzidzi, ndipo asodzi 45 anamira ku Cleggan ndi madera ena a gombelo. Anali anthu odziwa nyanja kuyambira ubwana wawo, koma namondwe anachokera kutali kumene maso awo sakanafika.

Phunziro lachitatu ndi la kusunga. Pakati pa 1937 ndi 1939, ana asukulu oposa 50,000 a m'sukulu pafupifupi 5,000 za m'dzikolo anatumidwa kukafunsa makolo ndi agogo awo za miyambo, nthano ndi zizindikiro za nyengo, n'kuzilemba m'makope. Makope amenewo alipo mpaka lero ndipo amawerengedwa pa intaneti. Kodi ife talemba zingati mwa zimene akuluakulu a pamadoko athu amadziwa?

Pamene maso amalephera

Zizindikiro za makolo zimaona pafupi: maola ochepa akubwerawa ndi dera limene maso akufika. Siziona zimene zikuchitika kunyanja yamchere. Namondwe wa Freddy, amene anagwa m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023 n'kupha anthu oposa 600, anayambira kufupi ndi Australia mwezi wa Febuluwale. Panalibe mlambe kapena namzeze amene akanatiuza za iye, koma akatswiri a zanyengo ankamutsatira ndi makina a mumlengalenga kwa masabata angapo. Namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Ana mu 2022 nawonso anadziwika asanafike.

Komanso akatswiri ali ndi malire awo. Dipatimenti yoona za nyengo imatha kuchenjeza kuti masiku akubwerawa panyanja padzakhala mwera wamphamvu, ndipo uthengawo umafika kudzera pa wailesi ndi pafoni. Koma siingakuuzeni kuti mtambo umene uli pamwamba pa chilumba cha Boadzulu ufika padoko panu mphindi zingati. Zimenezo amadziwa ndi munthu amene waima pagombe. Choncho njira ziwirizi zisapikisane. Lamulo losavuta ndi ili: wailesi ikati kuli bwino koma maso akuti kwaipa, musalowe. Maso akati kuli bwino koma wailesi yachenjeza, musalowenso.

Zimene komiti ingachite

Makomiti a m'madoko anayamba mu 1993 kunyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mwayi wakuti anthu eni ake azitenga mbali poyang'anira usodzi. Nthawi zambiri timakamba za maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja. Koma kusamala nsomba n'kuiwala msodzi ndi ntchito yosatha. Pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu akhala akutseka usodzi chaka chilichonse kuyambira Disembala mpaka Epulo. Nsomba zimapeza mpata woswana, ndipo anthu amachoka pachilumbapo m'miyezi ya mphenzi ndi namondwe. Lamulo limodzi likuteteza zonse ziwiri.

Nazi mfundo zimene mungakambirane pamsonkhano wanu wotsatira, pamodzi ndi amfumu ndi alangizi a zausodzi:

1. Sankhani akuluakulu awiri kapena atatu odziwa nyanja, pamodzi ndi wachinyamata mmodzi amene ali ndi wailesi kapena foni, kuti azikumana madzulo aliwonse mabwato asanalowe.

2. Gwirizanani chizindikiro chimene aliyense angachione, monga mbendera yofiira pamtengo wautali padoko, chotanthauza kuti lero kwaipa. Alendo ofika padoko auzidwe tanthauzo lake tsiku lomwe afika.

3. Khalani ndi kope la nyengo. Mlembi alembe tsiku, chizindikiro chimene chinaoneka, zimene wailesi inanena, ndi zimene zinachitika. Pakatha chaka mudzadziwa zizindikiro zodalirika padoko panu ndi zimene zimanama. Ana asukulu angathandize kufunsa agogo awo ndi kulemba.

4. Lembani mabwato amene alowa, chiwerengero cha anthu ndi dera limene apita. Bwato likachedwa, ofufuza adziwe koyambira.

5. Limbikitsani kuti boti lililonse likhale ndi chokapira madzi, nkhafi zapadera ngakhale lili ndi injini, tochi, foni yokulungidwa m'pepala la pulasitiki, ndi majekete oyandamitsa. Pamene majekete palibe, zigubu zopanda kanthu zotsekedwa bwino ndi kumangiriridwa chingwe zingapulumutse munthu.

6. Phunzitsani achinyamata kuti bwato likagubuduzika n'kukhalabe likuyandama, agwiritse bwatolo. Usiku mtunda umaoneka pafupi pamene uli kutali, ndipo bwato limaoneka msanga kwa ofufuza kusiyana ndi mutu wa munthu.

7. Letsani kulowa panyanja munthu ataledzera, ndiponso kudzaza boti mopitirira muyeso, kaya ndi nsomba kaya ndi anthu.

8. Kambiranani ndi eni zida kuti msodzi amene wakana kulowa tsiku la mbendera yofiira asachotsedwe ntchito.

Mfundo yomalizayi ndi yovuta kuposa zonse, koma ndiyo mutu wa nkhani. Kawirikawiri anthu samira chifukwa chosadziwa zizindikiro. Amamira chifukwa anaziona koma analibe mphamvu yokana. Mnyamata wolembedwa ganyu sangatsutse bwana wake ali yekha, ndipo mwini boti safuna kukhala pamtunda pamene anzake alowa. Chigamulo chikakhala cha doko lonse, palibe amene amatchedwa wamantha, ndipo palibe amene amadyera mnzake. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu otsiriza

Tsiku limodzi losalowa panyanja limapweteka m'thumba, zimenezo palibe angakane. Koma chilimira, injini ndi boti zimatenga zaka kuti munthu azipeze, ndipo bambo wa pabanja akapita sabwereranso. Usipa umene mwausiya lero mudzaupeza mwera ukaleka. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma panyanja tisadikire kuti agonere. Tiwamve madzulo omwewo, tiwaphatikize ndi uthenga wa pa wailesi, kenaka tigamule limodzi ngati tilowe kapena tisalowe.